Amayi ankayembekeza mphini, anapeza masingano

Amayi anga ali ndi timizere titatu m'chiuno, zipsera za mphini zimene agogo anawatema ali mtsikana. Choncho mnzawo wa kutchalitchi atawauza kuti ayeseko acupuncture chifukwa cha msana umene wawavuta zaka zinayi, iwo anangoti, "Ndi mphini za Atchaina basi." Ine ndinali pa holide, ndiye ndinawaperekeza ku chipatala china ku Lilongwe. Mantha anga anali amodzi: amayi amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, atopa nawo, ndipo akhala akufunafuna munthu woti awauze kuti asiye.

Tinakhala theka la ola singano isanaoneke. Adokotala, kudzera mwa anesi omasulira, anafunsa mmene amayi amagonera, zimene amadya, malo enieni amene amawawa komanso mankhwala onse amene amamwa. Anawagwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtsempha, kenako anawauza kuti atulutse lilime. Amayi anandiyang'ana. "Mwanangu, lilime likukhudzana bwanji ndi msana?" Mu chiphunzitso cha Atchaina, lilime ndi mtsempha zimasonyeza mmene mphamvu yotchedwa qi ikuyendera m'thupi. Maganizo amenewa ali kale m'buku la Huangdi Neijing, lolembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Kenako amayi anagona chafufumimba. Adokotala anapukuta khungu ndi thonje la sipiriti, n'kung'amba paketi tikuona. Masingano ake si a jekiseni. Ndi opyapyala kwambiri, alibe bowo, ndipo salowetsa mankhwala alionse. Apa ndi pomwe amasiyana ndi mphini, pakuti mphini amatema n'kupaka mankhwala pabala. Ndinawerenga masingano khumi ndi awiri, ena m'chiuno, awiri kuseri kwa mawondo, kutali ndi pamene pamawawa. Amayi anati polowa zimamveka ngati udzudzu, kenako pamalemera ndi kuchita dzanzi. Anakhala nawo mphindi makumi awiri, mpaka anayamba kusinza. Pozula, malo amodzi panatuluka kadontho ka magazi, ndipo masingano onse anaponyedwa m'bokosi lotayira.

Tikuvala nsapato, funso ndinkaliopa lija linabwera. "Ndiye mapiritsi a BP aja ndisiye?" Adokotala sanadikire kuti anesi amalize kumasulira. Anapukusa mutu. Anesi anati, "Ayi amayi, pitirizani kumwa. Ife tikuthandizani pa ululu wokha." Ndinapumira m'mwamba.

Maganizo anga ndi akuti yankho limeneli ndilo muyeso wa dokotala woona. Njirayi ndi yodziwika ndithu. UNESCO inaiika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2010, ndipo WHO inasindikiza malo 361 obayapo pathupi mu 2008. Koma kutchuka si umboni wakuti imachiza chilichonse. Akafukufuku akayerekeza masingano enieni ndi onamizira, kusiyana kwake nthawi zambiri kumakhala kochepa. Ku Britain, bungwe la NICE linalangiza mu 2016 kuti acupuncture isamaperekedwe pa ululu wa m'chiuno, koma mu 2021 linaivomereza pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka. Ngati akatswiri amalankhula mosamala chonchi, munthu wokulonjezani kuti masingano athetsa shuga, khansa kapena kusabereka akufuna ndalama zanu.

Ngati mukupita koyamba, yambani mwayezetsa kuchipatala kuti mudziwe chimene chikukupwetekani. Idyani kanthu musananyamuke, chifukwa ena amachita chizungulire akabayidwa ndi njala. Valani zovala zomasuka. Nenani ngati muli oyembekezera, ngati magazi anu amachedwa kuundana, ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi, kapena ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima, popeza madokotala ena amadutsitsa magetsi ochepa m'masingano. Onetsetsani kuti paketi yatsegulidwa pamaso panu, pakuti singano yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kupatsira HIV kapena matenda a chiwindi, monga lezala la mphini. Funsaninso mtengo wa maulendo onse, chifukwa ulendo umodzi sukwanira.

Amayi anapita kasanu. Chidebe cha madzi sachisenzabe, koma akuti tsopano amagona mpaka tambala woyamba osadzuka ndi ululu. Dzulo ndinawaimbira foni kuchokera kuno kusukulu. Ndisanafunse n'komwe anati, "Ndamwa kale mapiritsi, usandivutitse."