Zomwe Kuweta Agalu ku Ntcheu Kwandiphunzitsa

Kwathu kuno galu sawetedwa kuti azikongoletsa pakhomo. Ndi mlonda wa khola la mbuzi, ndi wopirikitsa anyani m'minda ya m'mapiri a ku Tsangano, ndi mnzake wa mnyamata wokasaka akalulu tchire likapsa. Agalu ndaweta kuyambira ubwana, ndipo zomwe ndalemba panozi zina ndaziona pabwalo la milandu kwa amfumu, zina pamzere wa katemera, koma zambiri ndaziona panjira yopita kusukulu m'mawa, pomwe galu wa munthu mmodzi amasanduka vuto la mudzi wonse.

"Dutsani amayi, saluma ameneyo!" Onena mawuwa nthawi zambiri amakhala ali phee pakhonde, galu wawo ali pakati panjira, mano ali pamtunda. Ndaphunzira kuti mwini galu amadziwa za dzulo zokha. Galu wofatsa amasintha akabereka, akamadya, akavulala, kapena akadzidzimutsidwa ali m'tulo. Mlendo akanena odi, ulemu ndi kudzuka, kumugwira galuyo kapena kumutsekera, kenako n'kuyankha. Kumuuza munthu kuti alimbe mtima ndi kumusenzetsa ntchito yomwe ndi yako.

Galu amasulidwe anthu akagona, amangidwe ana asanayambe kudutsa. Pa zonse zomwe ndikudziwa, ichi ndiye chachikulu. Mwana wa Sitandade 1, wazaka 6, nkhope yake ili pafupi ndi kamwa ya galu wamkulu. Wachikulire amalumidwa mwendo, mwana amalumidwa kumaso, m'khosi kapena m'manja. Kachilombo ka chiwewe kamayenda m'mitsempha kulowera ku ubongo, choncho bala la kumutu limafupikitsa ulendowo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a ku Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse anayi amakhala ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu.

Chomwe manambalawa sanena n'chakuti mwana amabisa. Akakandidwa kapena kulumidwa pang'ono amavundikira ndi yunifolomu, kuopa kufunsidwa kuti unamuputa bwanji galu wa eni. Bala limapola, miyezi iwiri kapena itatu imadutsa, aliyense n'kuiwala. Zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, palibenso mankhwala. Pamenepo m'mudzi mumayamba kulozana zala za ufiti, galu amene anayambitsa zonsezi palibenso womukumbuka.

Galu wotsatira mwana kusukulu abwezedwe pakhomo pomwepo. Zimaoneka zokoma, kamwana kali patsogolo, kagalu kakugwedeza mchira pambuyo. Koma sukulu zathu zambiri zilibe mpanda, ndipo galuyo sakhala panja kudikira belu. Amanunkhiza mbatata yophika ndi chimanga chokazinga m'majumbo a ana, amazungulira pophikira phala, agalu ena akamupeza ndewu imabuka pakati pa ana mazanamazana. Akatero ana amatola miyala, ndipo galu wogendedwa amaluma amene wamuyandikira, osati amene wamugenda. Palinso chimbudzi chake, chomwe amasiya pansi pa mtengo womwewo pomwe kalasi ina imakhala pansi ikamaphunzira. Muli mazira a njoka zam'mimba m'menemo, ndipo mwana wamng'ono dzanja lochokera padothi limapita kukamwa. Galu wako akaipitsa pabwalo la sukulu, la tchalitchi kapena pakhomo pa mnzako, tenga khasu ukakwirire. Si aphunzitsi amene anamuweta.

Katemera si wa galu wako yekha. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa podumphira. Zimenezi zinayesedwa konkuno ku Malawi: mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masabata ochepa, ndipo kenako ntchitoyo inafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Ife a ku Ntcheu tili ndi chifukwa chathuchathu chosazembera. Cha ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire ndi Mozambique, ndipo galu amaoloka tala popanda womufunsa chiphaso, m'mawa ali kuno, masana ali ku Angonia. Sunganene kuti wakumana ndi ndani. Choncho alangizi a ziweto akalengeza tsiku, kaya ndi cha pa 28 September pomwe dziko lonse limakumbukira za chiwewe, kaya ndi tsiku lina, galu apite, khadi lake lisungidwe pamodzi ndi mabuku a kusikelo.

Ndimamvabe anyamata osaka akunena kuti jakisoni amafoola galu, amamuchotsa ukali ndi liwiro. Agalu anga obayidwa sanasiye kuthamanga kapena kuuwa. Ndipo apa ndidzudzule abambo anzanga: pamzere wa katemera mumadzaza tiana ta zaka 8 kapena 9, tikukokedwa ndi agalu omangidwa ndi luzi lothetheka, eni ake ali pabawo. Malo amene agalu osadziwana asonkhana ndi malo a munthu wamkulu.

Akuluakulu amakumbukira nthawi za tie-up order, boma likalamula kuti galu aliyense amangidwe, wopezeka akuyendayenda n'kuwomberedwa. Ena amazilakalaka mpaka lero. Ine ayi. Ukapha agalu a m'mudzi, ena amabwera kudzadya pa dzala lomwelo, ndipo nthawi zina wophedwayo amakhala yemwe anabayidwa kale.

Galu wako akaluma munthu, milandu idikire, madzi asadikire. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mphindi 15 n'zotalika kuposa momwe timaganizira. Zotentha ubweya wa galuyo n'kupaka phulusa lake pabala sizipha kachilombo. Ukatsuka, nyamula khadi la katemera, uperekeze wolumidwayo kuchipatala ndi kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndalama ya kabaza utulutse ndiwe. Chipatala chaching'ono chikakutumizani ku chipatala chachikulu pa Boma, musazengereze. Galuyo usamubise, usamupereke kwa achibale akutali, usamuphe ndi mkwiyo: mumange bwino, uzimudyetsa, aonedwe kwa masiku 10, chifukwa akakhalabe wathanzi masiku onsewo, n'chizindikiro chakuti analibe chiwewe m'malovu pomwe ankaluma. Ngati akuoneka kale wopenga, ana atalikire, alangizi adziwe msanga.

Ndaona eni agalu akukana galu wawo masana dzuwa likuswa mtengo. "Si wanga ameneyo, amangobwera kudzadya." Galu amene umamuponyera mkute madzulo alionse ndi wako, ndipo amfumu amadziwa zimenezo. Amene amafika yekha kunyumba kwa wolumidwa n'kunena kuti pepani achimwene, ndi galu wanga, tiyeni kuchipatala, mlandu wake suvuta. Chimene chimadanitsa mabanja zaka ndi zaka ndi kukana kuja.

Kumsika galu alibeko ntchito. Pa Lizulu kapena pa Kampepuza tsiku la msika, tomato ndi kabichi zili pansi, nyama ili pa chiwaya, njinga zamoto zikulukana pakati pa anthu. Chimodzimodzi pamaliro, pachinkhoswe, ndi pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo. Ngati kuyenda naye n'kosapeweka, chingwe chikhale chachifupi ndi cholimba, ndipo mukakumana ndi ana kapena agogo panjira yopapatiza, wopatuka ndi iwe ndi galu wako.

Galu woyendayenda nthawi zambiri ndi galu wanjala. Tinazolowera kuti galu amadzionera yekha, ndiye timadabwa akagwira nkhuku ya aneba kapena akakhazikika kudzala la kusukulu. Nsima ya madeya ndi mitu ya usipa sizigwetsa banja. Amene sangakwanitse kudyetsa agalu anayi asunge mmodzi. Tiana ta galu tikabadwa tambiri, kukatitaya kumsewu kapena kuseri kwa makalasi, poganiza kuti mwana wina atitola, ndi kupatsira ena vuto lako. Totsala timakula opanda mwini, opanda katemera. Kuthena galu wamwamuna ndi kutseka wamkazi n'kotheka, ndipo bungwe la LSPCA ku Lilongwe limagwira ntchito imeneyo. Funsani alangizi a m'dera lanu. Wamkazi akafika nyengo yofuna amuna atsekeredwe, chifukwa gulu la agalu lomwe limamutsatira silisankha njira, limadutsa pakati pa ana osawaona n'komwe.

Ukali wochita kuphunzitsa umabwerera mwini. Ena amatsekera galu m'kakhola ka mdima tsiku lonse kuti aluse, ena amamukhwirizira kwa ana odutsa kuti aseke akamathawa. Galu woteroyo sasiyanitsa wakuba ndi mdzukulu wobwera kutchuthi.

Ana a pakhomo panga ndimawauza zochepa, kuti asaiwale. Galu akakuthamangira usathawe ndipo usakuwe, ima ngati mtengo, manja uwafumbate pachifuwa, usamuyang'ane m'maso. Ukagwa, dzipinde, ubise nkhope ndi khosi. Galu amene akudya, wagona kapena ali ndi ana, musiye. Ndipo ukalumidwa, ngakhale pang'ono, ngakhale unamuputa ndiwe, nena tsiku lomwelo, sindikukwapula. Lonjezo lomalizali ndimalibwereza kawirikawiri, chifukwa mwana amaopa chikoti kuposa matenda amene sanawaonepo.

Ku komiti ya sukulu ndinapemphako chinthu chimodzi chosafuna ndalama: kuti ana afunsidwe m'kalasi njira zomwe amazilambalala chifukwa cha agalu. Amazidziwa bwino, khomo ndi khomo, ndipo ena amazungulira mtunda wautali n'kufika mochedwa, n'kulandira chibalo osanena chifukwa chake. Mayina a makomowo akafika kwa amfumu, chotsala ndi kutuma munthu kuti akalankhule ndi eni ake.