Foni ndi Yanu, Khadi ndi la Kampani

Kodi foni imodzi ingathe kugwira ntchito ndi makampani onse? Funso ili ndi la ife tonse okhala m'malire. Kuno ku Ulongwe timalima ku Mozambique, koma ambiri a ife tili ndi abale ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mbatata yathu ya kachewere, kabichi ndi matimati timagulitsanso ku Lizulu, kumene msewu waukulu ndiwo malire a maiko awiri. Tsono foni ya munthu wa ku Angónia imayenda maiko awiri monga mwini wake.

Ine ndine mphunzitsi wa sukulu ya akuluakulu. Ophunzira anga ndi amayi ndi abambo a msinkhu wa makolo anga. Ndimawaphunzitsa malemba ndi manambala, ndipo iwo amandifunsa za mafoni awo. Yankho langa ndi ili: inde, mafoni ambiri amalandira khadi la kampani iliyonse. Koma alipo ena okhoma. Wodziwa kusiyanitsa amasunga ndalama zake.

Tiyambe ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi foni yeniyeni, imene timagwira m'manja. Chachiwiri ndi kakhadi kakang'ono kamene timalowetsa m'kati, kotchedwa SIM. Ena amati laini. Nambala yanu siili m'foni, ili pa khadi. Mayunitsi, amene kuno timatinso kredito, amatsata khadi lomwelo. Khadi ndilo limauza nsanja ya kampani kuti woimbayu ndi yani.

Taganizani za ngolo. Ngolo ndi yanu. Lero mumanga ng'ombe zanu, mawa mumanga za mlamu wanu, ndipo ngolo imayenda ndithu. Foni ili ngati ngolo, khadi lili ngati ng'ombe. Izi zimatheka chifukwa makampani a kuno ndi a ku Malawi amatsata njira imodzi ya mafoni, yotchedwa GSM.

M'dziko lathu muli makampani atatu. Yoyamba inali mCel, imene inayamba m'chaka cha 1997. Mu 2018 inaphatikizana ndi TDM, ndipo lero dzina lake ndi Tmcel. Vodacom inabwera mu 2003. Movitel inabwera mu 2012, ndipo inamanga nsanja zambiri kumidzi. Ku Malawi makampani aakulu ndi TNM ndi Airtel. Akuluakulu ena akali kunena Celtel kapena Zain. Amenewo ndi maina akale a Airtel, imene inatenga dzina latsopanoli mu 2010.

Nambala yokha imakuuzani kampani yake. Werengani manambala awiri oyamba:

82 ndi 83 ndi Tmcel.
84 ndi 85 ndi Vodacom.
86 ndi 87 ndi Movitel.

Ku Malawi, yoyamba ndi 088 ndi ya TNM, yoyamba ndi 099 ndi ya Airtel.

Phunziro ili ndimalikonda koposa. Ndimalemba manambalawa pa bolodi, ndipo aliyense amatchula kampani yake. Munthu wa Vodacom akhoza kuimbira wa Movitel popanda bvuto, pakuti makampani analumikiza mawaya awo. Koma nthawi zambiri mphindi zotchipa zimene kampani imagulitsa ndi zoimbira anthu a kampani yomweyo. Mukadziwa kuwerenga 84 ndi 86, mudziwa khadi loyenera kuimbira nalo. N'chifukwa chake mafoni a makhadi awiri, monga ambiri a itel ndi Tecno, ndi okondedwa m'misika yathu.

Nanga foni yokhoma ndi yotani? Kampani ina imagulitsa foni pa mtengo wotsika, koma imaikhoma kuti ilandire khadi lake lokha. Imachita dala, kuti wogulayo asapite kwina. Kunja kwake foniyo sisiyana ndi zinzake. Mumadziwa pokhapokha mutalowetsa khadi la kampani ina. Pamenepo foni imakana, kapena imapempha nambala yotsegulira.

Izi zinawachitikira amayi ena a m'kalasi mwanga. Mwana wawo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anawatumizira foni yatsopano. Inali nyengo yokumba mbatata, ndipo amafuna kumaimbira ogula a galimoto kuti adziwe mtengo asanakumbe. Analowetsa khadi lawo, foni inakana. Anaganiza kuti khadi lafa, nagula lina. Foni inakananso. Tsiku lina anabwera nayo ku sukulu.

"Aphunzitsi, taonani izi. Kapena mwanayu wandigulira yakufa?"

"Iyayi amayi, foniyi ndi yamoyo. Tiyeni tiyese."

Tinabwereka makhadi atatu kwa anzathu, la Tmcel, la Vodacom ndi la Movitel. Onse atatu anakanidwa. Kenaka tinaika khadi la amayiwo m'foni ya mnzawo, ndipo linagwira bwino lomwe. Kalasi lonse linaona kuti bvuto silinali khadi. Foni inali yokhoma kwa kampani ya kumene inagulidwa. Amayiwo analemba okha uthenga wachidule kwa mwana wawo, ndipo iye anakapempha nambala yotsegulira kumene anagula. Nambalayo inafika patapita masabata. Nthawi imeneyo mbatata inali itagulitsidwa kale pa mtengo umene wogula woyamba kufika anatchula.

Nkhani ya kukhoma mafoni si ya kuno kokha. Ku Britain anthu anadandaula nayo zaka zambiri, mpaka mu December 2021 makampani analetsedwa kugulitsa mafoni okhoma. Ku South Africa, kuyambira mu 2006, munthu akhoza kusamukira ku kampani ina ndi nambala yake yomweyo. Ife kuno, tikagula khadi latsopano timalandira nambala yatsopano, ndipo tiyenera kuuza abale onse.

Pali kukhoma kwina kumene anthu amakusokoneza ndi uku. Khadi nalo lili ndi nambala yachinsinsi yotchedwa PIN. Mukailakwitsa katatu, khadi limatseka ndipo limapempha nambala ina ya manambala 8, yotchedwa PUK. Imeneyi imalembedwa pa chikhadi chachikulu chimene munathyolapo kakhadi kanu. Musachitaye. Ndipo musalote PUK, pakuti mukailakwitsa kakhumi khadi limafa. Apa wokhomedwa ndi khadi, foni ilibe mlandu.

Tsopano za malire. Mafunde a nsanja saona malire. Ku Calomue ndi m'midzi yoyandikana ndi Dedza, foni imamva nsanja za maiko onse awiri. Ngati khadi lanu ndi lololedwa kugwira ntchito kunja, likhoza kugwira nsanja ya ku Malawi inu muli kwanu. Kuimba kotero kumadya mayunitsi msanga. Choncho musanaimbe, werengani dzina la kampani limene lalembedwa pa galasi la foni. Ngati mumapita ku Lizulu kawirikawiri, nzeru ndi kukhala ndi khadi la kuno ndi la ku Malawi m'foni imodzi. Maiko onse awiri amafuna kuti khadi lilembetsedwe ndi chitupa cha mwini wake. Poimba ku Malawi ndi khadi la kuno, yambani ndi +265 ndipo siyani 0 woyamba. Abale a ku Malawi poimba kuno ayambe ndi +258.

Ndalama za pa foni nazo zimatsata nambala. M-Pesa ndi ya Vodacom, e-Mola ndi ya Movitel, mKesh ndi ya Tmcel. Kuyambira mu 2022 ndi kotheka kutumiza ndalama kuchokera ku imodzi kupita ku inzake. Mukachotsa khadi m'foni, ndalama zanu sizitayika. Foni ikafa, sungani khadi. Koma khadi likakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, kampani imalitseka. Ndiponso lembetsani khadi m'dzina lanu, osati la mdzukulu kapena la mnansi. Likatayika, mwini dzina yekha ndiye angathe kuombola nambala ndi ndalama zake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pogula foni pa msika, makamaka yogwirapo kale ntchito, musapereke ndalama msanga. Tengani makhadi a makampani awiri, lanu ndi la mnzanu. Lowetsani loyamba, imbani. Lowetsani lachiwiri, imbaninso. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi. Akakana, pitani kwina. Potsiriza dinani *#06#. Padzaoneka nambala yaitali ya manambala 15, yotchedwa IMEI. Imeneyo ndi nambala ya foni yeniyeniyo, ndipo sisintha ngakhale musinthe khadi. Foni ikabedwa, nambala imeneyi ndiyo umboni wanu ku polisi. Inunso amene muli ndi ana ku Joni kapena ku Harare, auzeni kuti afunse m'sitolo ngati foni ndi yotsegula asanaitumize.

Lero madzulo tengani kope ndi pensulo. Lembani nambala yanu, ndi dzina la kampani yake pambali. Lembani IMEI ya foni yanu. Lembaninso manambala a abale asanu, ndipo pa iliyonse tchulani kampani yake ndi dziko lake. Kope limenelo lisungeni pamodzi ndi chitupa chanu.