Olemba Ntchito, Mbande Zimasankhidwira ku Nazale

Mukatsegula masamba a ntchito m'nyuzipepala simulephera kupeza kampani yomwe ikufuna katswiri wa makompyuta. Mmunsi mwake amalemba kuti munthuyo akhale ndi digiri, komanso akhale atagwirapo ntchitoyo kwa zaka zisanu. Ine ndimadzifunsa kuti kodi mtsikana kapena mnyamata amene wangovula kumene mkanjo wa ukachenjede akazitenga kuti zaka zisanuzo, pomwe aliyense akumutsekera chitseko? Chodabwitsa nchakuti mabwana omwewo ndi amene amadandaula kuti dziko lino lilibe akatswiri.

Akatswiriwo alipo. Ali ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, yomwe mpaka mu 2021 tinkaidziwa kuti Polytechnic. Ali ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Yunivesite ya Mzuzu, ndi ku MUST ku Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014. Chomwe chikusowa ndi wolemba ntchito wonyamuka pampando nkupita kukawaona.

Mwana wa mlongo wanga, ali m'chaka chomaliza, adakonza pulogalamu ya pafoni yosungira kaundula wa banki mkhonde, ataona mayi ake akuvutika ndi kope long'ambika. Adaionetsa pamaso pa aphunzitsi ake, adakhoza bwino, nkhani nkuthera pomwepo. Patsikulo padalibe mlendo ndi mmodzi yemwe wochokera kukampani. Adakhala pakhomo zaka ziwiri akulemba makalata osayankhidwa, chifukwa pepala silinganene zimene manja a munthu amatha.

Choncho wolemba ntchito wanzeru afunse kusukuluzi tsiku limene ophunzira amaonetsa ntchito zawo zomalizira maphunziro, ndipo apiteko. Asangotuma mkulu woona za antchito ndi timapepala tonyezimira ayi. Atenge mmisiri wa pakampanipo, amene angakhale pansi ndi wophunzira, nkumufunsa chifukwa chomwe adalumikizira zinthu mwakutimwakuti. Pamafunso otere mpomwe wodziwa amasiyana ndi woloweza. Achezenso ndi aphunzitsi, pakuti iwo amamudziwa mtsikana wofatsa uja amene sakweza dzanja m'kalasi koma ndiye amakonzera anzake onse zikavuta.

Njira ina ndi kuwapatsa vuto lenileni. Ngati kampani ikutaya katundu chifukwa cha kaundula wosalongosoka, iuze ophunzira a chaka chachitatu kuti alimbane nalo. Pakutha pa teremu idzakhala itadziwa wolimbikira, woleza mtima ndi wotha kugwira ntchito ndi anzake.

Palinso nyengo imene ophunzira amakaphunzira ntchito kumakampani, yomwe eni ake amati atachimenti. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Mwana waphunzira zaka zitatu, koma akafika amangomutuma kukagula tchipisi pachiwaya ndi kutembenuza mapepala, popanda ngakhale ya minibasi. Zikatero amene amapirira ndi ana a m'tauni okha, pomwe wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, wopanda mbale mumzinda, amabwerera kumudzi ndi nzeru zake. Mpatseni ntchito yeniyeni, womuyang'anira, ndi kangachepe kolipirira nyumba. M'mera mpoyamba.

Tisaiwale za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Makina ake opanga magetsi ndi mphepo adaima pakhomo kwa zaka zingapo anthu akungowadutsa. Zinthu zidasintha alendo atapita kukaona ndi maso awo, atolankhani nkulemba mu 2006, ndipo mu 2007 adakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha. Ngati luso la kumudzi lidapezeka pamene ena adanyamuka, nanga la pasukulu ya ukachenjede, pomwe msewu wake ngwa phula, tikulepherera chiyani?

Mabwana adziwenso kuti masiku ano sakupikisana okhaokha. Wophunzira waluso angathe kulembedwa ntchito ndi kampani ya ku Nairobi kapena ku London kudzera pa intaneti, iye ali phee m'chipinda chake ku Ndirande. Nkofunika tsono kumuuza zoona za malipiro, za zomwe adzaphunzire, ndi kumuyankha msanga.

Mlimi wa fodya sadikira kuokushoni kuti adziwe mbewu yake. Amagwada kunazale, nasankha mbande, nazithirira. Amene afuna akatswiri a mawa achite chimodzimodzi chaka chino, ana asanavale mikanjo.