Mafilimu a m'mlengalenga ndi zithunzi zokha?

Ena amati mafilimu a m'mlengalenga ndi okongola chabe, nkhani mulibe. Pa Gravity ya 2013 ndikuvomera ndithu: maso amakhuta, koma mawa lake chotsala m'mutu ndi Sandra Bullock akungozungulira basi.

Interstellar ya Christopher Nolan musaiponye m'gulu limenelo. Mufilimuyi, papulaneti lina la madzi okhaokha, ola limodzi ndi zaka 7 kuno padziko, ndipo masamu ake anawaunika katswiri weniweni, Kip Thorne. Cooper, mmodzi wa amene anatsikira papulanetipo, pobwerera m'chombo, zaka 23 zadutsa. Akhala pansi kuonera mauthenga a ana ake: mnyamata wake wamera ndevu, wakwatira, wabereka, mwanayo wamwalira. Bamboyo kulira osaletseka. Apo kompyuta sinavutike ayi, ndi nkhope yokha ya McConaughey, amene anasewera ngati Cooper.

Chondinyansa ndi nyimbo za Hans Zimmer, zimakwirira mawu mpaka osamva zomwe akukambirana.