Tauni ya Dedza ikukula, nanga madzi?

Ife a ku Dedza timanyadira kuzizira, mwakuti kuyerekeza kwathu ndi mizinda ya m'chipululu cha ku America kungamveke ngati nthabwala. Koma tandimverani kaye, anzanga.

Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 20,000 m'tauni ya Dedza, wa 2018 anapeza oposa 30,000. Ndikapita kutchuthi ndimadzionera ndekha: nyumba zikukwera m'tsinde mwa phiri, mashopu atsopano akuthamangira ku msewu wa M1 kukadikira a paulendo wa Lilongwe ndi Blantyre, pomwe nyumba zina zakale zapaboma zangotsala pang'ono kukhala mabwinja. Amalonda sindikuwanena, iwo amatsata kumene kuli ndalama.

Mizinda ya m'chipululu ija inakulanso chonchi, motambalala, mpaka madzi anaikumbutsa pomwe inamangidwa. Las Vegas amamwa pafupifupi madzi ake onse kuchokera mu mtsinje wa Colorado kudzera ku Lake Mead. Nyanjayo itaphwa kwambiri, boma la Nevada linakhazikitsa lamulo mu 2021 lothetsa kapinga wongokongoletsera m'misewu ndi pamaofesi. Mu 2023 boma la Arizona linasiya kuvomereza malo atsopano omangapo nyumba kuzungulira Phoenix ngati akudalira madzi apansi panthaka. Kumeneko womanga amayamba wayankha kuti madzi achokera kuti.

Ife funso limeneli sitifunsa, poti mvula imagwa. Komatu imagwa miyezi isanu yokha, ndipo miyezi yotsalayo timamwa zomwe mapiri anasunga. Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndinakula ndikuliona lili bii ndi paini. Lero mbali zina ndi mpala. Mitengo yapita ku matabwa, ku makala ndi ku mauvuni a njerwa, njerwa zomwezo zomwe tikukuzira tauni. Lilongwe wafika kale pofuna kukoka madzi ku nyanja ku Salima, mtunda woposa makilomita 100. Ife amene tili pamwamba chonchi, pampu yake ingakhale yotani?

Ine ndikanakonda khonsolo ikanayambira pakati pa tauni, pomwe mapaipi, msika ndi depoti zilipo kale. Nyumba zakalezo zikonzedwe, zina zisanjikizidwe, pansi shopu pamwamba pogona, tisanadule puloti ina m'phiri. Inu amene mukuphunzira za bizinesi, tawerengerani mtengo wa paipi yokwera phiri kukafika kunyumba imodzi.