Chikondi chosapempha kanthu

Pa nyimbo zonse za m'chimbale cha Midnights, chomwe Taylor Swift adatulutsa mu Okutobala 2022, ine ndimabwererabwerera ku Sweet Nothing. Ilibe phokoso: piyano yofatsa, malipenga chapansipansi, basi. Adailemba ndi Joe Alwyn, bwenzi lake panthawiyo, yemwe adabisala pa dzina loti William Bowery. Kubisalako kukugwirizana ndi nkhani yake: kunja aliyense akufuna kudyapo pa kutchuka kwa mtsikanayu, koma kunyumba kuli munthu wosamupempha kanthu.

Anzanga amati popeza chibwenzicho chidatha mu 2023, nyimboyi ndi bodza. Ine ndikukana. Enafe achibale ayamba kale kuwerengera malipiro athu digiri isanatuluke n'komwe. Ndikamaimvera, ndimalakalaka munthu woimba foni kungofunsa ngati ndadya.