Pulau Tekong: Kumene Mwana wa Mlendo Amalumbirira Dziko la Eni

Kum'mawa kwenikweni kwa Singapore kuli gombe la mcenga lochedwa Changi. Munthu ukaima pamenepo, ndege zimakudutsa pamutu zikutsikira ku bwalo lalikulu la dzikolo, ndipo patsidya pa madzi umaona zisumbu ziwiri. Cina ndi Pulau Ubin, kumene anthu amapita kukapalasa njinga pa Sabata. Cinaco ndi Pulau Tekong, cimene ife tinangocipenya patali, pakuti munthu wamba saloledwa kupondapo phazi. Kale panali midzi ya asodzi ndi alimi, koma boma linawasamutsa onse m'zaka za m'ma 1980. Ena mwa alendo amene anafikapo osapempha cilolezo ndi njobvu zitatu zimene zinasambira kucokera ku Johor, m'dziko la Malaysia, mu 1990. Nazonso zinabwezedwa kwao.

Lero Tekong ndi msasa kumene anyamata ambiri a dzikolo amayambira maphunziro a usilikali. Pa tsiku lolowa, mnyamata amakwera bwato pamodzi ndi makolo ake. Makolowo amawaonetsa malo ogona, amawakhazika pansi kuti amve ana ao akulumbira kuti adzateteza dziko ndi moyo wao, kenaka banja limadyera pamodzi cakudya ca kumsasa. Akatha kudya, amai ndi atate amabwerera ku bwato, mwana n'kutsala kuti amumete mpala. Ndi zaka ziwiri zathunthu, kaya ku usilikali, ku polisi kapena ku gulu lozimitsa moto ndi kupulumutsa anthu. Ndipo pambuyo pake amaitanidwabe nthawi ndi nthawi kufikira zaka 40, akuluakulu a asilikali kufikira 50. Atsikana lamuloli siliwakhudza.

Cifukwa cake ca zonsezi cili pa gombe lomwelo. Singapore inagwa m'manja mwa Ajapani pa 15 February 1942, ngakhale kuti Angelezi ankaiyesa linga losagonjetseka, ndipo patangopita masiku owerengeka amuna a Cichaina anaomberedwa pa mcenga wa Changi. Dzikoli litaima palokha pa 9 August 1965, atsogoleri ake, Lee Kuan Yew ndi nduna ya citetezo Goh Keng Swee, anaona kuti kadziko ka makilomita 50 okha m'litali mwake sikangadalire mfuti za mlendo kaciwiri. Motero mu 1967 anakhazikitsa lamulo la usilikali wokakamiza.

Koma nkhani imene yatigwira mtima ndi ya ana a obwera. Makolo athu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ku Singapore alipo alendo amene sakamuka: aphunzitsi, madokotala ndi akatswiri a makina ocokera ku Malaysia, India, China ndi kwina, amene boma limawapatsa citupa cokhalira m'dzikomo mpaka kalekale, ngakhale sali nzika. Bambo wolandira citupa cotere cifukwa ca luso lake kawirikawiri samupititsa ku Tekong. Koma mwana wake wamwamuna amene analembedwa pa citupaco ali wamng'ono amalembetsa akafika zaka 16 ndi theka, ndipo akakwanitsa 18 amayenera kulowa usilikali monga mwana aliyense wa mwini dziko. Iye alibe ufulu woponya voti, pasipoti yake ndi ya dziko lina, komabe amanyamula mfuti ya Singapore. Akamaliza, unzika subwera wokha ai. Amacita kupempha, ndipo akaulandira ayenera kutaya wa kwao, popeza dzikolo silola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Banja likaganiza zobweza citupaco mwana asanatumikire, boma limacenjeza poyera kuti zimenezo zidzawerengedwa iye kapena abale ake akadzapempha nchito, sukulu kapena malo m'tsogolo.

Apa ife tiona zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Eni dziko sakulakwa ponena kuti wodya nao za m'nkhokwe alonde nao mundawo. Ambiri amacitiranso umboni kuti m'cipinda cimodzi ca ku Tekong, m'mene Mchaina, Mmalay, Mtamil ndi mwana wa mlendo amatuluka thukuta limodzi, ndimo m'mene mnyamata amayamba kunena kuti "kwathu" akutanthauza Singapore. Koma ngongoleyo anaitenga ndi tate, wolipira ndi mwana amene sanafunsidwe pokwera ndege ali ndi zaka zisanu. Cimeneci sicitikhala bwino.

Ndi mmene zinamukhalira Ben Davis. Anabadwira ku Thailand, atate ake Mngelezi, amai ake a ku Thailand, nakulira ku Singapore, kumene analandira unzika mu 2009. Mu 2018 timu ya mpira ya Fulham ku London inamulemba nchito, koma boma linakana kumucedwetsera usilikali. Sanabwere pa tsiku loitanidwa mu 2019, ndipo pambuyo pake anabvala malaya a timu ya Thailand. Cilango ca mlandu wotere cingafike zaka zitatu m'ndende, kapena faindi ya madola 10,000 a kumeneko, kapena zonse ziwiri. Mnyamata wa maiko atatu anatsala ndi dziko limodzi limene akaponda amangidwa, ndipo ndilo limene linamulera.

Awerengi a ku Cipata ndi Lundazi, amene agogo ao anagona tsidya lino ndi tsidya ilo la malire, sadzadabwa nalo funso lakuti mwini dziko ndani. Tikumbukira kuti mu 1999 khoti la ku Ndola linagamula kuti Kenneth Kaunda, amene analamulira Zambia zaka 27, sanali nzika, cifukwa makolo ake anacokera ku Nyasaland. Kwathu kuno tinafunsa za kumene tate anabadwira. Ku Singapore amafunsa ngati mwana anawoloka kupita ku Tekong.

Mu 2014 asilikali a dzikolo anatsegula gulu la odzipereka, kuti akazi, nzika zatsopano ndi obwera amene lamulo linawadumpha athe kutumikirako mwa kufuna kwao. Tsopano ndi cotheka kuti tate amene anaperekeza mwana wake ku bwato abvale nayenso yunifomu, ngakhale kuti maphunziro ake oyamba ndi a milungu iwiri cabe.